Chaka Chimene Nyanda Sizinaume

Anthu akamakumbuka chaka chija, ena amati chaka cha mvumbi, ena amati chaka cha masaka, poti ambiri tinkavala masaka. Kwa ine ndi chaka chimene ine ndi mng'ono wanga Rozina tinali oyembekezera tonse awiri, m'nyumba imodzi, nkhondo itafika poipa. Ndikamba zinthu zimene akazi sakamba pagulu. Amene zimunyanse atseke makutu, ine manyazi anandithera chaka chomwecho.

Novembro

Tinali titachotsedwa m'mudzi mwathu n'kuikidwa mu alideya, mudzi wa nyumba zondanda m'mizere kufupi ndi Ntengo-Wambalame, ati kuti asilikali atiteteze bwino kwa amfuti a m'tchire. Nyumbazo zinali zothinana moti mnansi akayetsemula, malovu ankagwera iwe. Kuseri kwa nyumba yako kunali pakhomo pa mnzako. Mitengo ndi zitsamba zonse zozungulira anazigwetsa kuti asilikali aziona patali.

M'nyumba mwathu tinalimo anayi: amayi, ine Jowana, Rozina, ndi mwamuna wake Zakariya, mkamwini wochokera ku Chidzolomondo. Wanga mwamuna anali atamutengera ku usilikali, atandisiya ndi mimba yaing'ono. Ya Rozina inali yaikulu kale.

Mvula inayamba bwino. Tinabzala chimanga chochepa chimene tinasunga osadya, nyemba, ndi kachewere wongotola m'minda yakale. Kumunda tinkapita dzuwa litakwera n'kubwerako lisanapendeke, khasu m'manja, makutu kutchire. Mu loja, sitolo yathu, munalibe mchere, munalibe nsalu, munalibe sopo. A kandonga, aja ankazembetsa katundu kuchokera ku Malawi, kachidutswa ka sopo ankasinthanitsa ndi dengu la nyemba. Ndani wamisala akanapereka nyemba kuti anunkhire?

Tsono mumve za nyanda. Nyanda ndi kansalu kamene mkazi amavala akakhala kumwezi kapena akangochira kumene. Tsiku limene ndinakula, amayi anandiuza lamulo lake. Nyanda saiona mwamuna, saiona mlendo, saiyanika poyera. Wakaduka akadulako kaulusi kokha, wakumanga, sudzaberekanso. Kumudzi kwathu kwakale lamuloli silinkavuta. Kunali nkhalango yaing'ono kutsidya kwa mtsinje kumene mwamuna sankaponda, ndipo tinkayala nyanda zathu pa zitsamba, mphepo ndi dzuwa n'kuziumitsa. Mu alideya nkhalango kunalibe. Tinayamba kuzichapa m'bandakucha, kuzifinya, kuzikulunga, n'kuzitsomeka m'kati mwa udzu wa denga.

Dezembro

Mwezi umenewu kunabwera koluna, magalimoto oyenda pamzere moperekezedwa ndi asilikali. Munali namwino wochokera ku Tsangano, Dona Selesite, mayi wamfupi wa mawu aakulu. Posito yathu, kachipatala ka mu alideya, inali yotseka, choncho anabaya ana katemera pakhonde la sukulu. Atatha anathamangitsa amuna onse n'kutsala ndi ife.

“Amayi anzanga,” anatero, “mvula ino imapha akazi kuposa mfuti. Nsalu yonyowa imamera tizirombo. Ukaivala, makamaka utangochira, tiziromboto timalowa m'mimba. Muzizichapa ndi madzi a phulusa ngati sopo palibe. Muziziwiritsa mumphika. Muziziyanika padzuwa, panja, pachingwe, mpaka ziume gwa. Dzuwa likasowa, pamoto. Mkazi akayamba kutentha thupi ndi kununkha, musadikire, bwerani naye.”

Tinayang'anizana. Wina anayamba kuseka, kenako tonse tinaphulika. Mumphika! Mphika womwewo wophikira ndiwo zoti adye apongozi? Pachingwe, pamene milisiya amadutsa ndi mfuti zawo tsiku lonse?

Amayi sanaseke. Anaimirira n'kumanga bwino nsalu yawo. “Dona, inu amayi anu anakulangani?”

“Anandilanga, mayi. Koma ndaika m'manda akazi ambiri olangidwa bwino.”

“Ine ndabereka ana asanu ndi awiri, nyanda yanga sinaonepo dzuwa la pabwalo. Ndili pano.”

“Meu Deus,” anatero namwino uja, akupukusa mutu. Galimoto inaliza hutala, iye anakwera, ndipo sitinamuonenso. Pobwerera kunyumba tinkangoyeserera mawu ake. Ine ndemwe ndinkatsogolera. “Muziziwiritsa!” Rozina anaseka mpaka kugwira mimba, ati mana, poti ndi mmene ankandiitanira ine mkulu wake, lekani, mundichiritsa panjira.

Chakudya chinatha Khirisimasi isanafike. Tinkadya chisoso ndi bonongwe wopanda mchere. Zakariya ananyamuka wapansi kupita kwawo ku Chidzolomondo kukapempha kwa abale ake. Anachedwa kwambiri, poti mitsinje inali itadzaza ndipo njira zina zinali ndi mabomba okwirira. Anabwera mapazi atang'ambika, atasenza madeya ndi chinangwa chouma. Tinamulandira ndi nthungululu, osadziwa kuti kuchedwa kumeneko tidzamuwerengera ngati mlandu.

Janeiro

Mvumbi unayamba chaka chitangolowa. Inu a kumunsi kotentha simuudziwa mvumbi wa kwathu kumapiri. Kumagwa mvula yopyapyala usana ndi usiku, nkhungu n'kutsika mpaka pakhomo, kuzizira kolowa m'mafupa. Nkhuni zinanyowa, mphasa zinanyowa, makoma anayamba kutuluka thukuta. Chimanga chinasanduka chachikasu m'munda. Mphekesera zinali ponseponse, ati a m'tchire awotcha mudzi wakuti, ati koluna ya chakudya yatembenuka panjira, ati mawa tonse tithawire ku Malawi. Mabanja ena anapitadi, usiku umodzi nyumba n'kutsala pululu.

Rozina anachira m'kati mwa mvumbi umenewo. Mwana wamkazi, wonenepa bwino ngati kunalibe njala. Sanavutike n'komwe. Amayi ndiwo anali azamba. Chikuta, mmene mayi ndi khanda amabindikira mpaka mchombo utagwa, chinali ngodya chabe ya nyumba yotchinga ndi mphasa. Zakariya anasamukira m'kakhitchini kodontha.

Amayi anang'amba kapulana yakale, chitenje chimene ankavala, n'kupanga nyanda zochepa. Wochapa ndinali ine. Kumtsinje kunali kutali ndiponso koopsa, choncho ndinkachapa ndi madzi a m'dzenje limene tinakumbamo dothi lomangira nyumba. Ndinkachapa kusanache, mongopapasa, kufinya, kukulunga, kutsomeka kudenga. Ikafika nthawi yosintha, ndinkasolola ina mumdima wa m'nyumba n'kumupatsa.

“Mana, yazizira,” ankatero Rozina. “Sinaume.”

“Vala, itenthera m'thupi.”

Tsiku lina anandinong'oneza kuti kukuyabwa ndiponso kukuwotcha. Ndinapita kwa amayi. “Amayi, bwanji tiziike pamoto pang'ono, monga ananenera Dona uja?”

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. “Moto uli kukhitchini. Kukhitchini kuli yani? Ukufuna apongozi anga aone zimenezo? Ndiponso nyanda ya mwana wanga iwambidwe ngati nyama, ukufuna aume m'mimba?”

Ndinabwerera kukatsomeka nyanda kudenga. Amayi athu sanali munthu womubweza mawu kawiri.

Mchombo usanagwe, Rozina anayamba kunjenjemera. Mano ankagundana, thupi lili moto. Pachinena sankalola ngakhale kumukhudza. Kenako kunabwera fungo. Mayo ine, fungo limenelo! Mpaka lero ndikadutsa pamene pafera galu m'nyengo ya mvula, ndimakumbukira chikuta chija. Tinkafukiza masamba kuti anansi asamve.

Amayi anaitana akuluakulu anzawo awiri. Analowa, anamuyang'ana, anatuluka akugwedeza mitu. Onse anagwirizana chimodzi, ati uwu ndi mdulo. Mwamuna akagona ndi mkazi wina pamene wake ali woyembekezera, amamudula, ndipo mankhwala sagwira mpaka mwamunayo ataulula. Nanga ku Chidzolomondo kuja anachedwa chifukwa chiyani?

Fevereiro

Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso. Amayi anakhala pakhomo atatembenukira kukhoma, Zakariya atagwada panja pamatope, mvula ikumugwera pamsana. Ine ndinali pakati.

“Uwauze apongozi anga aulule,” anatero amayi.

“Ndilibe choulula, amayi. Mulungu akundiona. Ndiloleni ndimange machira, tipite naye ku Tsangano. Ndapeza amuna atatu oti tinyamulizane.”

“Uwauze kuti mwana wanga satuluka m'chikuta kukafera panjira ya mabomba. Matenda awa si a jakisoni. Aulule, timwetse mankhwala, adzuke.”

Zinakhala choncho masiku angapo. Iye ankapempha machira, amayi ankapempha dzina la mkazi. Rozina ankangobuula. Nthawi zina ankandiitana dzina la agogo athu amene anamwalira kalekale. Mkaka unauma, ndipo mnansi wathu wina amene khanda lake linali litangomwalira anayamba kuyamwitsa mwanayo.

M'mawa wina Zakariya anandipeza ndikutola nkhuni. Maso ali psuu.

“Alamu, ndikavomera, andilola kumutenga?”

“Kodi munachitadi, alamu?”

“Sindinachite. Koma ndikavomera, andilola?”

Ine ndinapitiriza kutola nkhuni. Anapita pakhomo, anagwada, n'kunena mokweza kuti anansi onse amve. “Ndavomera. Ndinagona ndi mkazi panjira. Dzina sindikulidziwa. Mwetsani mankhwala anuwo msanga, tinyamuke.”

Alideya yonse inachita phokoso. Akazi ankalavula akamadutsa. Amayi anati mankhwala ayenera kugona m'thupi kaye, machira adikire mawa. Anamumwetsa Rozina madzi a mizu, ambiri anangotayikira pakhosi. Kutacha Zakariya anabwera ndi machira ake ndi amuna atatu aja. Anapeza tikulira.

Machira omwewo ndiwo anamutengera kumanda. Zakariya sanaloledwe kuponya dothi. Amalume athu anamuuza pamaso pa anthu kuti wapha mwana wa eni, atenge khasu lake azipita. Anapempha kuti anyamule mwana wake kamodzi kokha. Anamukaniza, ati angamudulenso. Anachoka mvula ikugwa, atafunda saka kumutu, osatembenuka.

Patapita masiku, mitambo inang'ambika koyamba chiyambire chaka. Dzuwa linatuluka lowala mpaka m'maso kuwawa. Amayi anati, “Jowana, solola nyanda za mng'ono wako, tikazikwirire zisagwe m'manja mwa anthu.” Tinazikulunga m'masamba a nthochi n'kupita kumunda kwathu, kumene kunalibe munthu. Ndinakumba dzenje. Amayi anati tiziwerenge kaye, mwina ina yatsala kudenga. Ndinazitambasula pansi.

Kalanga ine! Mumvetse, chiyambire nyanda zimenezo palibe amene anaziona powala. Ndinkachapa mumdima, kusolola mumdima, iye n'kuvala mumdima. Tsopano zinali pansi padzuwa. Maluwa a kapulana ija sankaonekanso. Zinali zakuda ndi zobiriwira, zitamera nguwi ya ubweya ngati ija imamera pa chakudya choiwalika. M'mapindo munali zoterera. Imodzi nditaitambasula, munagwa timphutsi toyera, tikuyenda. Ndipo fungo lake linali lomwe lija, fungo la m'chikuta, limene tinkati ndi la mdulo.

Ndinasanza pomwepo. Izi ndi zimene mkazi wa bala la uchembere ankavala tsiku ndi tsiku! Ine ndi manja angawa ndinkamupatsa, n'kumuuza kuti vala, itenthera m'thupi.

Amayi anakhala pansi pamatope, miyendo tambalale ngati mwana. Sanalire. Anatola kamtengo n'kutembenuza nyanda imodzi, kenako ina. Anayang'ana mimba yanga nthawi yaitali.

“Kwirira,” anatero. Ndinakwirira.

Março

Maungu anayamba kupsa, tinadya mondokwa woyamba, ana a mu alideya anayambanso kusewera. Ine chakudya sichinkatsika. Mimba inali itafika pakhosi, mvula inkagwabe masana aliwonse, ndipo ndikagona ndinkayang'ana denga lomwe lija. Ndinkaopa. Ndinkadziwa kuti mwezi wamawa ngodya ya Rozina ikhala yanga, ndipo nsalu ina yoti n'kung'amba m'nyumbamo munalibe. Ndinaganiza zothawira ku Tsangano, koma sabata imeneyo ngolo ya ng'ombe inaponda bomba panjira yomweyo.

Amayi anasanduka munthu wina. Ankapita kumunda okha, kubwerako okha. Za nyanda zija sitinakambirane ngakhale kamodzi. Tsiku lina ndinawamva akuimitsa bambo wina wogulitsa fodya amene ankapita cha ku Macanga.

“Mukafika ku Chidzolomondo, mukafunse Zakariya, mkamwini wanga. Mukamuuze kuti apongozi ake akuti abwere adzanyamule mwana wake. Mukamuuze kuti povomera paja ananama, ndipo ine ndadziwa kuti ananama.”

Bamboyo atabweranso anati kwawo kwa Zakariya anapeza mabwinja okhaokha. Ena ati anawolokera ku Malawi, ena ati anagwidwa panjira. Sitinamvenso za iye, ngakhale nkhondo itatha.

Abril

Nyemba zinauma, kachewere tinayamba kukumba. Zokolola zinali zochepa, koma zinali zathu. Ine ndinachira m'mawa wina kunja kukuwaza mvula. Mwana wamwamuna.

Ndili gone m'ngodya muja, ndinamva amayi akutsegula mtanga wawo. Munali kapulana imodzi yatsopano, yofiira, imene anaisunga zaka zambiri. Imeneyo inali nsanda yawo. Ngakhale pamene ankavala saka, sanaikhudze, ati munthu sapita kwa Mulungu atavala saka la chimanga. Ndinamva kweee, nsalu ikung'ambika.

“Amayi, mukuchita chiyani?”

“Gona.”

Anatenga mphika wathu, umodzi womwewo wa ndiwo, anathiramo madzi a kumtsinje amene anakatunga okha, ndi phulusa, n'kuuika pamoto. Mmodzi wa akuluakulu aja anaweruza za mdulo anasuzumira kukhitchini n'kukuwa. “Anaphiri! Mwapenga? Mudyeramo chiyani mumphika umenewo?”

“Ndidyeramo ine. Inu sindinakuitaneni.”

Tsiku lotsatira kunacha ndi dzuwa. Ndinamva phokoso panja, anthu akuitanizana, ana akuthamanga. Ndinakwawa mpaka pakhomo n'kusuzumira. Ha! Amayi anali atamanga chingwe kuchokera pa nyumba yathu kukafika pa mtengo wa thandala la mnansi, pakati penipeni pa njira ya alideya. Pachingwepo panali nyanda zanga, zofiira, zitatambasulidwa imodziimodzi, zikuuluzika. Iwo anaima pansi pake, saka lili m'chiuno, munsi uli m'manja.

Akazi anagwira pakamwa. Amuna obwera kumunda ankafika pafupi, n'kuona, n'kutembenuka ngati aona njoka. Milisiya wina wachinyamata anafuna kuseka, amayi anamuloza ndi munsi, kuseka kunathera m'kamwa. Ine ndinafuna nthaka indimeze. Nyanda zanga, pamaso pa alideya yonse!

Amalume anabwera akuthamanga. “Mlongo, chotsani zimenezi! Mukutichititsa manyazi. Wina akadulako kaulusi, mwana wanu sadzaberekanso.”

“Ndiye ndaimira chiyani pano? Abwere adule, tione ngati dzanja lake libwerere kwawo.”

“Nanga mwambo?”

Amayi anawayang'ana alongo awo m'maso. Analankhula mokweza kuti amve ndi a mzere wachitatu womwe.

“Achimwene, ndinali ndi ana aakazi awiri. Wa mmodzi ndinazibisa bwinobwino, palibe anaziona, ndipo mukudziwa kumene ali. Za uyu aone aliyense.”

Anaima pomwepo mpaka nyanda zinauma gwa. Mawa lake anaimanso, ndi mkuja wake, mpaka ndinatuluka m'chikuta ndi miyendo yanga, mwana wanga kubere lina, wa Rozina kubere lina.

Amayi anamwalira nkhondo isanathe. Tinawaika atakulungidwa m'saka ndi mphasa, poti nsanda yawo ndinali nditaivala ine.